Ng'ala, Makina ndi Chilungamo: Njira Yabwino Yobwezera Kuona Ndi Iti?

Ng'ala ndi nthenda ya disolo, kachiwalo koonekera mkati kamene kali kuseri kwa mwana wa diso. Ntchito ya disolo ndi kusonkhanitsa kuwala kuti kukagwere pamalo oyenera kumbuyo kwa diso. Munthu akamakula, mapuloteni a m'disolo amagwirana, disolo limachita mbuu, ndipo kuwala kumalephera kudutsa. Poyamba munthu amaona zinthu mwachimbuuzi, kenako amasiya kuzindikira nkhope za anthu, ndipo pamapeto pake amangosiyanitsa usana ndi usiku. Ukalamba ndiwo umayambitsa ng'ala kwambiri, koma matenda a shuga, kusuta fodya, kuvulala m'diso ndi kukhalitsa padzuwa zimaifulumizitsa. Palibe mankhwala odontheza kapena akumwa amene amasungunula ng'ala. Njira yokhayo ndi opaleshoni yochotsa disolo lowonongekalo ndi kuikapo kagalasi kochita kupanga.

Padziko lonse ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri kuposa nthenda ina iliyonse. Ku Malawi, kafukufuku amene Dr Khumbo Kalua ndi anzake anachita m'chigawo cha kummwera, yemwe anasindikizidwa mu 2011, anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 50 kapena kuposerapo, atatu ndi osaona, ndipo pafupifupi theka la iwo vuto lawo ndi ng'ala. Tanthauzo lake n'lakuti m'midzi ya ku Nachisaka, m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, monganso m'madera ena a dziko lino, muli agogo amene akhala mumdima zaka zambiri chifukwa cha nthenda yochizika pa mphindi zosakwana 20. Apa ndi pamene funso la madokotala, lakuti mwa njira zochotsera ng'ala yopambana ndi iti, limasanduka funso la umunthu ndi la chikhulupiriro. Mawu akuti njira yopambana safika poyankhidwa mpaka zitadziwika kuti ikupambana kwa yani, ndiponso kuti ndani watsala kunja.

Kumene njirazi zinachokera

Njira yakale kwambiri inali yobaya diso ndi singano ndi kukankhira disolo pansi kuti lichoke panjira ya kuwala. Mabuku a Sushruta wa ku India amaifotokoza, ndipo inafala m'maiko ambiri. Munthu ankaona pang'ono kwa kanthawi, koma ambiri ankathera m'khungu losachizikanso chifukwa cha mafinya ndi kutupa. Cha m'ma 1000, sing'anga wachisilamu Ammar al-Mawsili, yemwe ankagwira ntchito ku Egypt, anapanga singano yobooka pakati yoyamwira ng'ala yofewa. Cha m'ma 1750, Jacques Daviel wa ku France anasonyeza kuti disolo likhoza kutulutsidwiratu m'diso podula bala lalikulu. Anthu ochitidwa choncho ankafunika magalasi ochindikala kwambiri, ndipo magalasiwo akasweka kapena kutayika, munthu ankabwerera kumene anachokera.

Vuto limeneli analithetsa Harold Ridley wa ku London. Iye anaona kuti oyendetsa ndege zankhondo amene tizidutswa ta pulasitiki ya mawindo a ndege tinawalowa m'maso sankatupa nato, ndipo mu 1949 anaika kagalasi ka pulasitiki koyamba m'diso la munthu pa chipatala cha St Thomas'. Kenako mu 1967 Charles Kelman wa ku New York analengeza njira yophwanya ng'ala ndi singano yonjenjemera, nzeru imene anaitenga pa kachipangizo kamene dokotala wa mano ankatsukira mano ake. Njirayi imatchedwa phacoemulsification, ndipo madokotala amangoti phaco.

Kuyerekeza njira za ultrasound

Ultrasound ndi mafunde a phokoso othamanga kupitirira pamene khutu la munthu limamvera, ndiko kuti kupitirira maulendo 20,000 pa sekondi. Anthu ambiri amaidziwira pa sikani ya amayi oyembekezera. Pa opaleshoni ya phaco, singano yobooka imalowa m'diso kudzera pa bala la mamilimita awiri kapena atatu. Singanoyo imanjenjemera, kuphwanya ng'ala, ndi kuyamwa zidutswa zake, uku madzi akulowa kuti diso lisafwape komanso kuti singano isatenthe. Kagalasi kofewa kamalowa kali kopinda n'kukatambasuka mkati.

Njira yoyambirira inali yoti singano izipita kutsogolo ndi kumbuyo, pafupifupi maulendo 40,000 pa sekondi. Kuipa kwake n'kwakuti imadula pokhapokha ikamapita kutsogolo, ndipo pogunda imakankha chidutswa chimene ikufuna kuyamwa. Mphamvu yambiri imangowonongeka ndi kusanduka kutentha. Akatswiri anachepetsa vutoli pokonza makina oti azitulutsa mphamvu modukizadukiza, kuti singano izipuma pakati. Cha mu 2006 kampani ya Alcon inatulutsa njira ina, yotchedwa OZil, yoti singano yopindika kunsonga izizungulira uku ndi uku maulendo 32,000 pa sekondi. Imeneyi imadula mbali zonse ziwiri ndipo siithamangitsa zidutswa. Kampani ina inapanga njira yotchedwa Ellips, yoti nsonga ya singano iziyenda chozungulira, kuphatikiza mayendedwe awiriwo.

Poyerekeza njirazi madokotala amayeza nthawi imene singano yanjenjemera, mphamvu yonse imene yathiridwa m'diso, kuchuluka kwa madzi amene adutsamo, ndi chiwerengero cha maselo amene afa kuseri kwa cornea, kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso. Muyeso wa maselowu ndiwo wofunika koposa. Munthu wamkulu amakhala nawo pakati pa 2,000 ndi 3,000 pa milimita imodzi mbali zonse, ndipo ntchito yawo ndi kupopa madzi kuti cornea ikhale yoonekera. Akafa sameranso. Akachepa kwambiri, cornea imatupa n'kuchita mbuu, ndipo munthu amene wachotsedwa ng'ala amakhalabe wosaona. Kafukufuku wa maso 525 amene anachitika ku Guangzhou m'dziko la China, wosindikizidwa mu 2007, anapeza kuti njira yozungulira imatenga nthawi yochepa, imagwiritsa mphamvu yochepa, ndipo imapha maselo ochepa poyerekeza ndi yopita kutsogolo ndi kumbuyo. Komabe ng'ala ikakhala youma kwambiri, singano yozungulira imatha kutsekeka, choncho makina a masiku ano amasakaniza njira ziwirizi. Ndipo pakatha milungu ingapo, kusiyana kwa kaonedwe ka odwala a magulu awiriwa kumakhala kochepa.

Phunziro lofanana nalo linaoneka pa makina a laser othandizira kudula ng'ala, omwe ndi odula kwambiri. Kafukufuku wamkulu wa ku France ndi wina wa ku Britain, onse osindikizidwa mu 2020, anapeza kuti odwala ochitidwa ndi laser sankaona bwino kuposa ochitidwa ndi phaco wamba. Chipangizo chatsopano sichikhala chopindulitsa chifukwa choti ndi chatsopano.

Pali ntchito ina ya ultrasound imene simatchuka, koma ndi yaikulu. Opaleshoni isanachitike, diso limayenera kuyezedwa kutalika kwake kuti kagalasi koikamo kakhale ka mphamvu yoyenera. Diso la munthu wamkulu limatalika mamilimita 23 kapena 24, koma anthu amasiyana, ndipo kuphonya ndi milimita imodzi kumasiya munthu akufunika magalasi amphamvu ndithu. Kachipangizo koyezera kamatumiza mafunde m'diso ndi kuwerenga nthawi imene atenga kuti abwerere. Pali njira yogunditsa kachipangizoko pa cornea, yomwe imatha kufinya diso pang'ono ndi kulionetsa lalifupi, ndi njira yoyezera kudzera m'kachikho ka madzi, yomwe imalondola kwambiri. Makina oyezera ndi kuwala amalondola koposa, koma amalephera ng'ala ikakhwima chifukwa kuwala sikudutsa. Kwa odwala obwera mochedwa, ultrasound ndiyo imagwirabe ntchito.

Njira ya manja

Phaco ili ndi mnzake wopikisana naye amene safuna makina ophwanyira. Dokotala amadula bala la mamilimita 6 kapena 7 pa mbali yoyera ya diso, mopendekera kotero kuti limatsekeka lokha popanda kusoka, n'kutulutsa disolo lonse lathunthu ndi kuikamo kagalasi kolimba. Njirayi inakula kwambiri ku India ndi ku Nepal. Chipatala cha Aravind, chimene Govindappa Venkataswamy anayambitsa ku Madurai mu 1976 ndi mabedi 11, chinatsegula fakitale yake ya timagalasi mu 1992, ndipo mtengo wa kagalasi unatsika mpaka anthu osauka anaufikira.

Mu 2007 panasindikizidwa kafukufuku amene anaika njira ziwirizi pamuyeso umodzi. Odwala 108 a ku Nepal, a ng'ala zokhwima, anagawidwa mwamaere. Ena anachitidwa phaco ndi David Chang, katswiri wa ku America, ena anachitidwa njira ya manja ndi Sanduk Ruit wa ku Nepal komweko. Patatha miyezi 6, mwa 100 alionse, 85 a phaco ndi 89 a njira ya manja ankaona bwino popanda magalasi, ndipo atavala magalasi anali 98 mbali zonse. Opaleshoni ya phaco inkatenga mphindi 15 ndi theka, ya manja mphindi 9. Zipangizo za phaco zinkadya madola 70 pa diso limodzi, za manja madola 15. Phaco inapambana pa chinthu chimodzi: mwa amene anafika poona timizere tating'onoting'ono popanda magalasi, a phaco anali ochuluka.

Zotsatirazi zimakhudza Malawi mwachindunji. Mlimi wa fodya kapena mtedza wa ku Nachisaka sapita kuchipatala ng'ala itangoyamba. Amapita italetsa kulima, itayera kapena kuuma n'kuchita bulawuni. Ng'ala yotere imafuna mphamvu yambiri ya ultrasound, ndipo mphamvuyo ndi imene imapha maselo a cornea. Pa diso lotere njira ya manja imakhala yotetezeka. Kuwonjezera apo, makina a phaco amafuna magetsi osadukiza, mapaipi ndi timagalasi tochokera kunja togulidwa ndi ndalama zakunja, komanso mmisiri wowakonza akawonongeka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu yense wotere anakwera mtengo. N'chifukwa chake chipatala cha maso cha Nkhoma, chomwe chakhala chikuthandiza anthu a m'chigawo chapakati kwa zaka zambiri, chinadziwika ndi njira ya manja, pamodzi ndi antchito oyenda m'midzi kufunafuna odwala ng'ala. Mu 2012 madokotala a kumeneko anasindikiza zotsatira za maopaleshoni amene ankaika kagalasi ka mphamvu imodzi, ya 22, mwa odwala onse. Kagalasi ka mphamvu imodzi kamayenera maso ambiri, koma sikangayenere onse, ndipo amene maso awo ndi aatali kapena aafupi amatsala akuona mwachimbuuzi. Choncho kwa wodwala wa m'mapiri a Dowa, ultrasound yomupindulira koposa ikhoza kukhala ya kachipangizo koyezera diso, kamene mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi makina ophwanyira.

Funso la chilungamo

Pali maganizo awiri akale pa nkhani yogawa zinthu zoperewera. Oyamba amati chabwino ndi chimene chapindulira anthu ambiri. Jeremy Bentham wa ku England ndiye amatchuka nawo. Powatsatira, yankho n'losavuta: ngati ndalama zochitira diso limodzi ndi phaco zingatsegule maso anayi ndi njira ya manja, ndiye kuti kusankha phaco ndi kusiya anthu atatu mumdima. Achiwiri amati munthu aliyense ndi wofunika payekha, ndipo si chilungamo kumupatsa chochepa chifukwa ndi wosauka. Powatsatira, pamabuka funso lopweteka: n'chifukwa chiyani wamalonda wa mu Lilongwe achitidwe ndi makina pamene gogo wa ku Ntchisi akuchitidwa ndi manja? Kodi pali mankhwala a olemera ndi ena a amphawi?

Funso lachiwirili siliyenera kunyozedwa. Mbiri ya Africa ili ndi zitsanzo zambiri za zinthu zotsika zimene zinaperekedwa kwa anthu akuda ndi mawu akuti zikuwakwanira. Ngakhale pa ng'ala pomwepa, timagalasi titafala kale ku Ulaya, ambiri ankanena kuti n'todula kwambiri kwa anthu a maiko osauka, ndipo kuti iwo azingochotsedwa disolo ndi kupatsidwa magalasi ochindikala. Anthu monga Fred Hollows wa ku Australia ndi Sanduk Ruit anakana zimenezo, ndipo mafakitale a timagalasi anatsegulidwa ku Eritrea ndi ku Nepal. Akanavomera mawu akuti zochepa zikwanira, anthu mamiliyoni akanakhalabe opanda kagalasi m'diso.

Koma chitsanzo chomwechi chimasonyeza pamene pagona kusiyana. Kuchotsa disolo osaikamo kagalasi kunkapereka zotsatira zoipa, ndipo kunali kupondereza. Njira ya manja, ikachitidwa bwino, imapereka zotsatira zofanana ndi phaco pa zimene munthu amafuna pa moyo wake wa tsiku ndi tsiku, ndipo pa ng'ala youma imaposa. Chilungamo chimayezedwa ndi zimene wodwala watuluka nazo. Kudula kwa makina amene amugwira sikunena kanthu pa ulemu umene wapatsidwa. John Rawls, m'buku lake la 1971, anaphunzitsa kuti kusiyana pakati pa anthu kumaloledwa pokhapokha kukupindulira amene ali pansi penipeni. Chipatala cha Aravind chimayenda mwa njira yotere: olemera amalipira phaco ndi zipinda zabwino, ndipo ndalamazo zimathandiza kuti osauka achitidwe ulere kapena pa mtengo wochepa, ndi madokotala omwewo. Phaco m'Malawi ikhoza kukhala yolungama pa mfundo yomweyi. Ikamabweretsa ndalama ndi luso zothandizira odwala a kumudzi, ikutumikira chilungamo. Ikamakoka madokotala ochepa amene alipo kuti azingothandiza a m'tauni, ikuchiphwanya.

Nzeru za umunthu, zimene olemba a ku Malawi monga Augustine Musopole anazifotokoza mozama, zimawonjezera mfundo imene masamu a Bentham ndi a Rawls amaidumpha. Kwa Achewa, munthu sadwala yekha. Gogo akachita khungu, mdzukulu amasiya sukulu kuti azimutsogolera ndi ndodo. Mwana wake wamkazi amachepetsa kupita kudimba kuti azimuphikira ndi kumuperekeza kuseri. Munda wake umagonera. Mawu ake pabwalo la milandu, pamaliro ndi pa zokambirana za mbumba amayamba kuchepa mphamvu, ndipo nthawi zina malire a munda wake amasunthidwa iye osadziwa. Buku la Genesis, mutu 27, limasimba za Isake amene ananyengedwa m'nyumba mwake momwe chifukwa maso ake anali atachita mdima. Diso limodzi likatseguka, anthu angapo amamasuka. Powerengera phindu la opaleshoni, onsewo ayenera kuwerengedwa, pakuti akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mfundo yomweyi imaunikira zimene zimatsekereza odwala. M'zipatala za boma, monga chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Kamuzu Central ku Lilongwe, thandizo ndi laulere. Koma wosaona sayenda yekha. Pamafunika ndalama ya kabaza ndi minibasi ya anthu awiri, chakudya cha womudikirira, ndi chilolezo cha abale, amene mwina amaona kuti kuwononga ndalama pa nkhalamba m'nyengo ya dzinja n'kosatheka. Amayi, makamaka amasiye, ndiwo amatsalira kwambiri. Kafukufuku amene Paul Courtright ndi anzake anachita m'maboma a kumidzi a Malawi, wosindikizidwa mu 1995, anapeza kuti odwala amene ankadziwa munthu wina wochitidwa opaleshoni ankavomera mosavuta. Mbiri ya opaleshoni imayenda m'mudzi mofulumira, yabwino ndi yoipa yomwe. Opaleshoni imodzi yolephera imatseka njira ya anthu ambiri, choncho kuthamangira chiwerengero ndi kutaya ubwino wa ntchito kumawononga chiwerengero chomwecho.

Chifuniro cha Mulungu ndi dzanja la dokotala

Pali chotchinga china chimene sichili m'thumba koma mumtima. Okalamba ambiri amati khungu labwera ndi ukalamba, ndi mmene Chauta wafunira, ndipo kulimbana nalo n'kutsutsana ndi Mwini moyo. Ena amaganiza kuti alodzedwa, ndipo amapita kwa sing'anga amene amawathira madzi a zitsamba m'maso. Mankhwala otere sangafike pa disolo, ndipo ena amatentha cornea n'kusiya chipsera chimene opaleshoni ya ng'ala singachotse. Ena amauzidwa m'mapemphero kuti kupita kuchipatala n'kuchepa chikhulupiriro. Palinso mantha akuti madokotala amachotsa diso lonse n'kuikapo la nyama, chinthu chimene sichichitika konse, pakuti diso silitulutsidwa m'malo mwake.

Dera la Dowa ndi madera ozungulira ali ndi mbiri yaitali ya Chikhristu. Mishoni ya Mvera inayamba mu 1889, ya Kongwe mu 1894, ndipo ya Nkhoma, kumene kuli likulu la sinodi, mu 1896. Buku Lopatulika, limene ntchito yolimasulira anaitsogolera William Hoppe Murray, linatuluka mu 1922. Zimene bukuli limanena pa khungu sizigwirizana ndi maganizo ongokhala pansi. Pa Yohane mutu 9, ophunzira anafunsa Yesu kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, ndipo Yesu anakana kuti khungulo linali chilango cha munthuyo kapena cha makolo ake. Anasiya funso lofufuza wolakwa n'kuloza ku ntchito yoyenera kuchitika. Pochiritsapo anagwiritsa ntchito thope, ndipo anamutuma munthuyo kukasamba ku thamanda la Siloamu. Wosaonayo anayenera kunyamuka ndi kuyenda ulendo. Pa 2 Mafumu mutu 20, mfumu Hezekiya anapemphera, Mulungu anamva, komabe mneneri Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pa chithupsa chake. Buku la Siraki, limene Akatolika amawerenga, pa mutu 38 limalangiza kulemekeza sing'anga chifukwa luso lake ndi mphatso ya Mulungu. M'Chisilamu muli chiphunzitso cha Mtumiki Muhammad chakuti Mulungu sanatsitse nthenda popanda kutsitsanso mankhwala ake, ndipo sura 80 ya Qur'an imadzudzula kunyalanyaza munthu wosaona pofuna kusangalatsa akuluakulu. Ngakhale m'chikhulupiriro cha makolo, Namalenga ndiye analenga mitengo ya mankhwala, ndipo wodwala ankafuniridwa thandizo. Palibe mwa zipembedzo izi chimene chimaika pemphero ndi mankhwala pa udani.

Nkhani ya pa Marko mutu 8 imafika pafupi kwambiri ndi funso la njira yopambana. Yesu atagwira maso a munthu wa ku Betsaida, anamufunsa ngati akuona kanthu. Munthuyo anayankha kuti akuona anthu, koma osaoneka bwino. Yesu sanamuuze kuti akhutire poti n'kusiyana ndi kale. Anamugwiranso mpaka anaona bwinobwino. M'nkhaniyi muli zinthu ziwiri zimene dokotala aliyense amafunsidwa: kufunsa wodwala zimene akuona, ndi kusaleka ntchito ili pakati. Kuyeza diso opaleshoni isanachitike, kuonanso wodwala patapita milungu, kumupatsa magalasi ngati akufunika, ndi kulemba moona zotsatira zoipa pamodzi ndi zabwino, zonsezi ndi mbali ya udindo womwewo.

Levitiko 19 amaletsa kuika chokhumudwitsa patsogolo pa wosaona. Masiku ano chokhumudwitsacho chikhoza kukhala mankhwala obedwa m'chipatala, galimoto yokatenga odwala imene yasowa mafuta, makina odula ogulidwa popanda wowakonza, kapena ulaliki woopseza munthu kuti asapite kwa dokotala. Apa kusamala chuma kumaoneka kuti ndi nkhani ya chikumbumtima. Pamene zinthu n'zoperewera, kwacha iliyonse yowonongeka ndi diso la munthu wina limene silinatseguke.

Chipembedzo chimachenjezanso mbali ina. Si khungu lonse limachizika. Amene mitsempha ya maso awo inafa ndi glaucoma, kapena amene anabadwa osaona, sathandizidwa ndi opaleshoni ya ng'ala. Ulemu wawo suchepa, ndipo mabungwe monga Malawi Union of the Blind akhala akulimbikira kuti anthu osaona aphunzire, agwire ntchito ndi kutsogolera. Kulimbana ndi ng'ala sikuchokera pa ganizo lakuti wosaona ndi munthu woperewera. Kumachokera pa mfundo yakuti kulekerera vuto lochotseka pa mnzako, uli ndi njira yolichotsera, ndi kulakwa.

Muyeso woyenera

Malawi ali ndi chitsanzo chake cha kusankha njira yofikira anthu. Dr Moses Chirambo, dokotala wa maso woyamba wa Chimalawi, amene anadzakhala nduna ya zaumoyo mu 2009, anaona kuti madokotala a maso sadzakwana msanga. Mu 1983 anayambitsa maphunziro a zamaso a madokotala othandizira ku Lilongwe, amene anaphunzitsa anthu ochokera m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo ena mwa iwo anaphunzira kuchotsa ng'ala. Chifukwa cha ntchito yotere, zipatala za maboma monga Dowa ndi Ntchisi zimatha kupima maso ndi kutumiza odwala kumene angachitidwe opaleshoni. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linatsimikiza kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu, umboni wakuti nthenda ya maso ikhoza kugonja ntchito ikafika m'midzi.

Mu 2021 msonkhano waukulu wa bungwe lomweli unagwirizana za muyeso watsopano wa ntchito ya ng'ala. Kale ankawerenga maopaleshoni amene achitika. Tsopano amawerenga, mwa anthu onse ofunika opaleshoni, angati achitidwa ndipo akuona bwino, ndipo maiko analonjeza kukweza chiwerengerochi ndi 30 pa 100 alionse pofika 2030. Muyeso umenewu umagwirizanitsa maganizo awiri aja a pa nkhani yogawa zinthu zoperewera. Wodwala amene sanafikiridwe amawerengedwa ngati kulephera, ndipo wochitidwa opaleshoni koma osaona bwino amawerengedwanso ngati kulephera.

Poyeza ndi muyeso umenewu, mayankho amaoneka motere. Pakati pa njira za phaco, yozungulira ndi yosakaniza zimateteza cornea kuposa yakale yopita kutsogolo ndi kumbuyo, ngakhale kusiyana kwa kaonedwe pamapeto pake n'kochepa. Pa ng'ala yofewa, pamalo pamene pali magetsi, zipangizo ndi dokotala wozolowera, phaco ndi njira yabwino, ndipo madokotala a Malawi ayenera kuiphunzira. Pa ng'ala youma ya odwala obwera mochedwa, amene ndiwo ochuluka m'midzi, njira ya manja yoyezeratu diso ndi ultrasound imapereka kuona kwabwino, mofulumira, pa mtengo wochepa. Pa njira zonsezi, luso la dokotala ndi chisamaliro cha pambuyo pa opaleshoni zimalemera kuposa mtundu wa makina.

Udindo wotsala uli pa anthu onse. Boma ndi mabungwe othandiza ayambe ndi zimene zimatsegula maso ambiri: madokotala ophunzira bwino, zipangizo zoyezera diso, timagalasi ta mphamvu zosiyanasiyana, ndi mayendedwe a odwala. Abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu a ku Nachisaka ndi madera ozungulira aphunzitse kuti ng'ala si chilango kapena ufiti, ndipo mipingo ndi midzi isonkhe ndalama ya ulendo wa okalamba osowa. Banja limene lili ndi gogo amene maso ake achita mbuu lisamuthire zitsamba m'maso, ndipo lisadikire kuti ng'ala iume. Limutengere ku chipatala chapafupi akapimidwe.